Za Kusunga Ngolo Masiku Amene Ili Pakhomo

Inu amene muwerenga mau awa m'midzi mwanu, tifuna kukamba nanu za chinthu chimene ambiri achiyesa chaching'ono, ndicho kasungidwe ka ngolo pa masiku amene siili pa ulendo. Kapena wina adzafunsa kuti, Kodi nkhani ya matabwa ndi matayala ilowa bwanji m'masamba amene tizolowera kuwerengamo za Mulungu? Tipempha mbale wotereyo kuti aleze mtima kufikira titatsiriza. Pakuti ifenso tidaganiza chomwecho kale, ndipo tidaphunzitsidwa mwa njira yowawa, imene sitifuna kuti wina wa inu adzayendemo.

Ife tikhala ku mapiri a Dedza, dziko lozizira, kumene boma lake lili pa msinkhu wa mamita ngati 1,600 pamwamba pa nyanja yamchere, ndi phiri lake lalikulu lifika mamita 2,198. Kuno tilima chimanga, nyemba, kabichi ndi mbatata ya kachewere, ndipo zonsezi n'zolemera. Mutu wa munthu sungathe kuzifikitsa ku misika ya ku Bembeke, ku Chimbiya kapena ku Lizulu. Chifukwa chake mwini ngolo ayesedwa munthu wodala pakati pathu. Ngolo ituta manyowa kunka nawo kumunda, ibwera ndi chimanga kudza kunkhokwe, itenga njerwa ndi mchenga pomanga nyumba ya mapemphero, inyamula odwala, ndipo tsiku lachisoni inyamulanso bokosi la maliro. Pamene msika uli kutali timanga nsungwi zopinda pamwamba pake ndi kuyalapo lona, tiikamo mphasa, mphika ndi ufa, ndi kugona momwemo panjira. Potero ngoloyo isanduka nyumba yathu ya masiku awiri kapena atatu.

Koma tawerengani masiku a chaka, ndipo mudzaona kuti ngolo iyenda pang'ono ndi kuima kwambiri. Ntchito yake ichuluka pa nyengo ya kukolola, kuyambira Meyi kufikira Ogasiti, ndiponso pothira manyowa mvula isanagwe. Mvula ikayamba mu Novembala kapena Disembala, njira zisanduka matope, ng'ombe zikhala ndi ntchito ya pulawo, ndipo ngolo itha kukhala miyezi iwiri kapena itatu osasuntha. Za miyezi imeneyi ndizo tifuna kunena.

Chaka china, m'mwezi wa Julayi, titagulitsa mbatata, tidaima ku boma la Dedza pafupi ndi kumene aumba mbale ndi makapu adothi, kumene alendo oyenda pa msewu waukulu wa M1 akonda kupumula. Pamenepo tidaona galimoto yaikulu yoyera, yokhala ndi mazenera ndi nsalu zake monga nyumba. Eni ake adali mwamuna ndi mkazi okalamba ochokera ku Germany, amene adadza kudzaona zithunzi zakale zolembedwa m'mapanga a ku Chongoni, zimene bungwe la UNESCO lidazilemba pakati pa chuma cha dziko lonse lapansi m'chaka cha 2006. Poona kuti tilikuyang'ana, adatiitana kuti tisuzumire m'kati. Ndipo taonani, mudali bedi, tebulo, mbaula ya gasi, thanki ya madzi akumwa, ndi kachipinda kosambiramo. Mdzukulu wathu wa ku sekondale ndiye ankatimasulira mau.

Ife tidati kwa mdzukuluyo, Afunse bambowa ngati msewu suwaonongera nyumba yawoyi. Nkhalambayo idaseka, ndipo idati msewu siuopa kwambiri, popeza poyenda imamva ndi makutu chilichonse chimene chayamba kulira, ndi kuchikonza tsiku lomwelo. Chimene iopa ndiyo miyezi imene galimotoyo ikhala pakhomo kwawo. Idatifotokozera kuti ikabwerera imatulutsa madzi onse m'thanki ndi m'mipope, chifukwa kwawoko madzi amaundana pa nyengo ya chisanu, ndipo madzi akaundana amakula ndi kung'amba mipope. Imachotsa batire, imene imatha mphamvu pang'onopang'ono ngakhale palibe woigwiritsa ntchito, ndi kuidzazanso moto mwezi ndi mwezi. Imatseka gasi, imatulutsa chakudya chonse kuti mbewa zisalowe ndi kutafuna mawaya, imasiya makabati otsegula kuti mphepo ipite ndi nkhungu isamere, imayang'ana m'mbali mwa denga ndi mazenera ngati madzi alowa, ndipo nthawi ndi nthawi imasuntha galimotoyo pang'ono kuti matayala asapsinjike malo amodzi.

Tidathokoza ndi kutsazika, koma panjira tidaseka. Tidati, Awo ndi anthu achuma, alibe munda wolima, chifukwa chake alera galimoto monga mwana. Ngolo yathu ilibe mipope kapena batire. Ndi matabwa ndi chitsulo basi. Idzavutika ndi chiyani poima?

Tisanapitirire, tiyenera kunena kuti nyumba zoyenda pa mawilo si chinthu cha dzulo. Ku Britain, m'chaka cha 1885, sing'anga wina dzina lake William Gordon Stables adapangitsa ngolo yogonamo yokokedwa ndi akavalo, naitcha The Wanderer, nayenda nayo kukaona dziko la kwawo. Galimoto zogonamo za masiku ano zidatsata pambuyo pake. Ku South Africa, kuyambira cha m'ma 1836, mabanja ambiri a Maburu adachoka ku Cape kunka kumpoto m'ngolo zazikulu za ng'ombe, ndipo adakhala m'menemo miyezi ndi zaka. Ana adabadwiramo, ndi okalamba adaferamo. Amishonale a mpingo wa Dutch Reformed amene adayamba ntchito ku Mvera mu 1889, A. C. Murray ndi T. C. B. Vlok, adachokera ku dziko lomwelo. Koma kuno sadadze pa ngolo, pakuti njira ya masiku amenewo idali ya pa madzi, ya Zambezi ndi Shire, ndipo kuzigwa kudali kashembe wopha ng'ombe. M'midzi ankayenda pansi kapena pa machila, atengatenga atasenza hema ndi katundu. Ntchitoyo itakula idafika ku Nkhoma mu 1896 ndi ku Mphunzi kuno kwathu mu 1903. Ngolo zathu za lero, zokhala ndi ekiselo ndi matayala a galimoto zakale, zidafala pambuyo pake. Tanena izi kuti tikumbukire kuti makolo athu adasenza zonse pamutu ndi paphewa, ndi kuti ngolo ndi mphatso imene iwo sadailandire.

Tsono chaka chomwecho, titatha kuthira manyowa mu Okutobala, tidaimika ngolo yathu pansi pa mtengo wa mapichesi kuseri kwa nyumba, ndi mtengo wake wokokera uli pansi padothi. Tidati mawa tidzaitsuka ndi kuilowetsa m'chigafa. Mawalo lidadza ndi ntchito ya mizere, pambuyo pake kudzala, pambuyo pake kupalira ndi kubandira. Mayi a kunyumba adatikumbutsa kawiri, ndipo kawiri konseko tidayankha kuti tamva. Nkhuku idaikira mazira m'menemo, ana adaisandutsa nyumba ya masanje, ndipo mvula idagwerapo usana ndi usiku. Akuluakulu adati zengerezu adalinda kwaukwau, ndipo mwambiwu tidauphunzitsa ana athu kawirikawiri. Koma tsiku ndi tsiku tinkapita pafupi ndi ngoloyo osaiona.

Usiku wina mu Febuluwale, mvula ilikuwaza, tidamva munthu akugogoda.

"Odi! Odi kuno, a Phiri!"

"Ndani usiku uno?"

"Ndine mkamwini wa kwa a Nabanda, bambo. Pepani kuti ndakudzutsani. Mayi a kwathu nthawi yawo yakwana, koma zinthu sizili bwino, ndipo amayi akuluakulu akuti tithamangire kuchipatala. Chonde, tithandizeni ngolo."

"Musade nkhawa, mwanawe. Kauzeni akonzeke, ife tikumanga ng'ombe tsopano apa."

Tidanena mauwa ndi mtima wonse, pakuti mwana wamkaziyo adakulira pamaso pathu, ndipo tidaliko tsiku limene adabatizidwa. Koma titafika ndi nyali pansi pa mtengo uja, tidapeza tayala limodzi laphwa ndi kumira m'matope. Pompa tidaibwereketsa kwa munthu wa mudzi wina mwezi wa Khirisimasi, ndipo sitidaiitanitse. Mnyamata adathamanga kukaitenga, ndipo padapita ola lathunthu. Titapopa, tidamva mpweya ulikutuluka pang'onopang'ono, koma tidati udzatifikitsa. Zingwe za goli tidazipeza makoswe atazidula, ndipo tidamanga ndi chingwe choyanikira zovala. Ponyamula mtengo wokokera, tidaona dothi la chiswe litakwera kuyambira kunsonga kwake. Tidaugogoda ndi chala, ndipo udalira ngati ng'oma. Tidayang'anana, koma padalibe wonena kanthu, popeza ngolo ina yapafupi padalibe.

Tidagoneka wodwalayo pa mphasa ndi mabulangete, amayi awiri adakhala naye, ndipo tidanyamuka. Wilo lina lidayamba kulira tisanatuluke m'mudzi, chifukwa girisi adauma ndi dzimbiri lidalowa m'kati. Titayenda makilomita ngati atatu tidafika potsikira kudambo, pamene kulemera konse kwa ngolo kukankha goli. Pamenepo mtengo uja udathyoka pakati, ndipo ngolo idagwa chamutu. Mwa chifundo cha Mulungu amayi aja adamgwira wodwalayo, ndipo sadagwe pansi. Tidadula mitengo iwiri m'mbali mwa njira, tidamangapo bulangete, ndipo amuna anayi anayi mosinthana tidamsenza pa machila monga ankachitira makolo athu, poterera ndi mumdima. Ulendo umene ng'ombe zikadayenda maola atatu udatitengera usiku wonse, ndipo tidafika kuchipatala dzuwa litatuluka.

Anamwino adachita zonse zimene adatha. Mayiyo adachira, ndipo ali moyo kufikira lero. Koma mwana adabadwa atafa kale.

Sitinena kuti ngolo yathu ndiyo idapha mwanayo. Kapena akadafa ngakhale tikadafika pakati pa usiku; Mulungu yekha adziwa. Koma tidziwa kuti maola adatayika, ndipo tidziwa kumene adatayikira: adatayikira pansi pa mtengo wa mapichesi, m'miyezi inayi imene tidati mawa. M'mudzi mudalibe munthu wotiimba mlandu. Patapita sabata ziwiri mkamwini uja adadza pakhomo ndi tambala m'manja, nagwada, nati, "Bambo, ndadza kudzathokoza kuti mudadzuka usiku uja ndi kuononga ngolo yanu chifukwa cha ife." Akadatitukwana tikadapeza choyankha, koma pa mau awa tidasowa ponena, ndipo tambalayo sitidathe kumudya.

Kuyambira pamenepo tidafunsa amisiri a matabwa ndi a zitsulo, ndi eni ngolo amene zawo zikhala zaka zambiri, ndipo zimene tidaphunzira tizilemba pano kuti zithandize ena.

Choyamba, ngolo itsukidwe tsiku lomwelo limene yatsiriza ntchito. Manyowa, dothi ndi zotsalira za mbatata zimamatira m'makona ndi kusunga chinyezi, ndipo thabwa limene likhala lonyowa masiku ambiri liyamba kuola m'kati, kunja kukali kooneka bwino. Feteleza ndiye woipa koposa, pakuti ali ngati mchere: akoka madzi a mumpweya ndi kufulumizitsa dzimbiri pa misomali ndi mabauti. Musese, mutsuke ndi madzi, ndipo muisiye padzuwa iume bwino musanailowetse. Ngati pansi pake palibe mipata, boolani tizibowo m'makona kuti madzi azituluka.

Chachiwiri, ngolo ikhale ndi nyumba yake. Sipafunika malata kapena njerwa. Mafoloko anayi, mitengo yopingasa ndi udzu zikwanira, ndipo amene ali ndi chigafa cha fodya ali nayo kale nyumbayo. Pansi pakhale pokwera, ndi ngalande yozungulira. Kuno ku mapiri tisamale makamaka, pakuti ngakhale mvula itatha mu Epulo, nkhungu ndi mame a mu Juni ndi Julayi zinyowetsa matabwa m'mawa uliwonse, ndipo masana dzuwa liwaumitsa. Thabwa likamatupa ndi kufota chotero tsiku ndi tsiku ling'ambika, ndi mabauti ake akhwepa. Mthunzi wa mtengo sindiwo denga. Masamba ake agwera m'ngolo ndi kuolera momwemo, ndipo mvula ikaleka mtengowo upitiriza kudontha. Musaikulunge ngolo ndi pulasitiki kufikira pansi, chifukwa chinyezi chochokera m'dothi chidzasowa potulukira. Mphepo iyenera kupita pansi pake.

Chachitatu, mtengo uliwonse wa ngolo usakhudze dothi. Chiswe chikhala pansi, ndipo chikwera pokhapokha chapeza mlatho. Chimanga njira yake ya dothi ndi kudya m'kati mwa mtengo, kusiya khungu lakunja lopyapyala ngati pepala. Mtengo wokokera utsamire pa mwala waukulu kapena umangidwe m'mwamba ku denga, ndipo sabata ndi sabata muyang'ane ngati pali mizere ya dothi, ndi kuiphwanya. Oilo wakale wotuluka mu injini, amene okonza galimoto ndi a pachigayo amataya, ateteza matabwa ku madzi ndi chiswe. Mupake kunsi ndi kunja kamodzi pa chaka, m'nyengo yadzuwa, koma m'kati mmene mugona chakudya musapakemo. Posankha matabwa kumbukirani kuti paini wa m'nkhalango zathu za Dedza ndi Chongoni ndi wopepuka ndi wotsika mtengo, koma ndi wofewa ndipo safuna madzi. Pa mtengo wokokera funani mtengo wolimba, wowongoka, wouma bwino, wopanda mfundo zazikulu.

Chachinayi, matayala apumule. Tayala likasenza kulemera malo amodzi miyezi yambiri, makamaka mpweya utachepa, lipindika m'mbali ndi kung'ambika, ndipo chubu chitsinidwa m'kati. Dzuwa nalonso liumitsa mphira ndi kuulemba ming'alu. Ngati ngolo idzaima koposa mwezi, ikani miyala kapena zitsa pansi pa ekiselo kuti matayala alendewere pang'ono pamwamba pa dothi, muwaphimbe ndi masaka akale ku mbali ya dzuwa, ndi kuwapopa pamene afewa. Pompa, zigamba, guluu ndi sipanala zikhale m'thumba limodzi m'nyumba, pamalo pamene aliyense wa pakhomo adziwa. Wobwereka pompa adze ndi njinga yake adzapopere pakhomo panu.

Chachisanu, mawilo alandire girisi. M'kati mwa wilo muli maberingi, tizitsulo tozungulira timene tisenza katundu yense, ndipo girisi ndiye awatchinjiriza ku madzi ndi kutentha. Powoloka mitsinje madzi ndi mchenga zilowa, ndipo ngolo ikaima chotero dzimbiri lidya pomwe tizitsuloto tagona. Chifukwa chake nthawi yoikamo girisi watsopano ndiyo pamene nyengo ya ntchito yatha, ngolo isanagone. Pamene ili pa miyala, zungulizani wilo lililonse ndi dzanja kamodzi pa sabata ndi kumvetsera. Likamalira ngati mphero, kapena likamagwedera uku ndi uku, kaitaneni mmisiri mukali ndi nthawi.

Chachisanu ndi chimodzi, goli, tcheni, zingwe ndi lona zilowe m'nyumba. Zingwe zachikopa zikoma kwa makoswe ndi agalu chifukwa cha mchere wa thukuta la ng'ombe. Zipachikeni pa waya pamene khoswe sangafike. Tcheni chipakidwe oilo. Lona ayanikidwe kufikira atauma gwa asanapindidwe, pakuti wopindidwa wonyowa amera nkhungu ndi kuola mopindamo. M'ngolo musasiye ngakhale chitsononkho chimodzi chokhala ndi maso, chifukwa chiitana mbewa.

Chachisanu ndi chiwiri, kumbukirani ng'ombe, pakuti ngolo yabwino yopanda ng'ombe zamphamvu ndi bokosi chabe. Sungani mapesi ndi masamba a nyemba ndi mtedza pa nsanja, kuti zikhale ndi chakudya mu Seputembala ndi Okutobala pamene msipu watha. Chotsani nkhupakupa, yang'anani zilonda za pakhosi pamene goli likhala, ndipo khola lisakhale dziwe la matope m'nyengo ya mvula, pakuti ziboda zimafewa ndi kuola. Ng'ombe zikakhala nthawi yaitali osamangidwa ziiwala goli. Muzimange kamodzi pa sabata ziwiri, mukatunge madzi kapena nkhuni, ndipo ulendo waung'onowo udzakuululirani chimene chayamba kuonongeka pa ngolo.

Pali zina ziwiri zimene sizili za matabwa kapena chitsulo. China ndi ndalama. Ngolo ikagwira ganyu, ndalamayo ilowa m'thumba ndi kutuluka tsiku lomwelo pa sopo ndi mchere. Ndipo tsiku limene tayala liphulika tipeza tilibe kanthu. Ife tsopano tipatula gawo limodzi la magawo khumi a zonse zimene ngolo yabweretsa, ndipo mayi a kunyumba ndiwo asunga. Ndalamayo tiitcha chakudya cha ngolo, ndipo siikhudzidwa. China ndi kubwereketsa. Sitinena kuti muzikana, pakuti kachipande ka therere kamakoma n'kuyenderana, ndipo Mkhristu womana achititsa manyazi dzina limene atchedwa nalo. Koma wobwereka abweze ngolo yotsuka, ndipo ngati kanthu kathyoka anene poyera, asabise poopa kulipira. Pakuti chobisikacho chidzaululika pa tsiku loipa, ndi pa munthu wosalakwa. Tipemphanso mipingo imene ili ndi ngolo kapena njinga yonyamulira odwala kuti isankhe munthu mmodzi, wodziwika ndi dzina, woisunga ndi kunena za iyo pa msonkhano wa akulu ampingo. Pakuti chinthu cha onse chikasowa mwini, yense ayesa kuti mnzake wachiyang'ana.

Tsopano tibwerere kwa mbale uja amene adafunsa kuti nkhani iyi ilowa bwanji muno. M'buku la Numeri, mutu 7, tiwerenga kuti akalonga a Israyeli adapereka kwa Yehova ngolo zophimbidwa zisanu ndi imodzi ndi ng'ombe khumi ndi ziwiri, ndipo Mose adazigawira Alevi: ana a Gerisoni adalandira ngolo ziwiri ndi ng'ombe zinayi, ndi ana a Merari ngolo zinayi ndi ng'ombe zisanu ndi zitatu, kuti azinyamulira nsalu, matabwa ndi mizati ya chihema. M'mutu 9 wa buku lomwelo timva kuti anthuwo ankanyamuka pamene mtambo wakwera, ndi kuima pamene waima, kapena masiku awiri, kapena mwezi, kapena nthawi yoposa pamenepo, ndipo nthawi zina ankanyamuka usiku. Tsono talingalirani Mlevi wa banja la Merari pa miyezi ija ya kuima. Sadauzidwe tsiku la ulendo. Ngati adali wokhulupirika, kukhulupirika kwake kudali kotani? Kudali kuyang'ana mawilo, kudyetsa ng'ombe ndi kusoka zingwe pa masiku amene padalibe womuona kapena womuyamikira. Ntchito yomweyo Mulungu adaiwerenga utumiki wa m'nyumba yake.

Chomwechonso ndi ife. Tidayesa kuti kukonda mnansi ndiko kudzuka msanga akagogoda usiku, ndipo tidadzukadi msanga. Koma chikondi chathu cha usiku uja chidafika ndi manja opanda kanthu, chifukwa sichidayambe mu Okutobala. Chakudza sichiimba ng'oma. Ndipo zimene ziona ngolo zionanso mtima wa munthu. Alipo ambiri a ife amene tikhala amphamvu pa misonkhano yaikulu ndi pa sabata ya Mgonero, koma pakati pake Buku ligona pa chipupa ndi fumbi, pemphero la pabanja lileka, ndi kamkwiyo kosaulula kadya m'kati monga chiswe. Kunja tioneka athunthu, kufikira tsiku la kutsikira kudambo.

Ngolo yathu tidaikonzanso chaka chomwecho, ndipo tsopano igona m'chigafa, pa miyala inayi. Loweruka lililonse madzulo, pokonzekera Sabata, titenga mdzukulu mmodzi ndi kuzungulira naye ngoloyo: azunguliza mawilo, atsina matayala, agogoda mtengo wokokera, ndi kutiuza chimene wamva. Ntchitoyi sitenga nthawi yoposa yophika phala. Kuyambira pamenepo agogoda pakhomo pathu usiku katatu, ndipo katatu konseko tanyamuka ng'ombe zitangomangidwa. Mmodzi wa amene tidawanyamula adali mayi yemwe uja, pa mimba yake yachiwiri. Mwanayo ndi wamkazi, ndipo tsopano ali m'kalasi la Sande sukulu.

Nkhalamba ya ku Germany ija sitidaionenso, ndipo siidziwa kuti tidaiseka panjira. Koma inu, abale, amene muli ndi ngolo, kapena njinga, kapena njinga yamoto imene mudzi uyembekezapo pa tsiku la tsoka, tikupemphani kuti mukatha kuwerenga mau awa mutuluke kukali kowala, mukaione pamene yaima. Ambuye atipatse ife tonse mtima wokhulupirika m'zinthu zazing'ono.